N'chifukwa chiyani nyenyezi yolemera imafa msanga?

Nachisale: Moni nonse pagulu. Mabuku amati nyenyezi yolemera kuposa Dzuwa kakhumi imatha m'zaka 20 kapena 30 miliyoni, pamene moyo wa Dzuwa ndi zaka 10 biliyoni. Komatu yolemerayo ili ndi haidirojeni wochuluka kakhumi. Bwanji sikhalitsa kakhumi? Ndikupempha yankho lokhala ndi masamu ake.

Phiri: Mayi Nachisale, moyo wa nyenyezi timaupeza pogawa haidirojeni amene ili naye ndi liwiro limene ikumuthera, ndipo liwirolo timalidziwira ku kuwala kwake. Nkhani yagona pakuti kulemera kukakwera pang'ono, kuwala kumakwera kwambiri. Kwa nyenyezi zimene zikusandutsabe haidirojeni kukhala hiliyamu, lamulo lapafupi ndi L = M^3.5, pamene L ndi kuwala, M ndi kulemera, ndipo Dzuwa tikuliwerenga ngati 1. Ikani 10 pamenepo: 10^3.5 ndi 3,162. Haidirojeni wachuluka ka 10 koma akutha mofulumira ka 3,162. Tengani zaka 10 biliyoni, chulukitsani ndi 10, gawani ndi 3,162. Mupeza zaka 32 miliyoni.

Nachisale: Zikomo a Phiri. Ndayesa lamulolo pa Sirius, nyenyezi yowala kwambiri usiku, imene imalemera kawiri kuposa Dzuwa. 2^3.5 ikundipatsa 11, koma kuwala kwa Sirius amati ndi 25. Chalakwika n'chiyani?

Phiri: Masamu anu ali bwino, lamulolo ndiye lapafupi. Nambala ya 3.5 ndi yapakatikati. Kwa nyenyezi zoyandikira kulemera kwa Dzuwa imafika pa 4, kwa zazing'ono kwambiri imatsika kufika cha pa 2.3, ndipo kwa zimphona zoposa 50 imayandikira 1. Komanso nyenyezi imawalirawalira ikamakula. Kuwala kukakhala koti kunayezedwa kale, gwiritsani komweko: 10 biliyoni kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 25, zikukupatsani zaka 800 miliyoni. Owerengera mozama amapeza pafupifupi biliyoni imodzi, ndiye simuli patali.

Tembo: Chifukwa chake kuwala kumakwera chonchi ndi kutentha kwa phata, pakati penipeni pa nyenyezi. Nyenyezi yolemera imapanikiza phata lake kwambiri, phatalo limatentha kwambiri, ndipo kulumikizana kwa mapulotoni (pulotoni ndi kanthu ka pakati pa atomu ya haidirojeni), kumene kumatulutsa mphamvu, kumadalira kutentha. M'Dzuwa, pa madigiri 15 miliyoni, mapulotoni amalumikizana okhaokha mpaka anayi apange hiliyamu mmodzi. Kutentha kukapitirira madigiri 17 kapena 18 miliyoni, njira ina imene Hans Bethe anailongosola mu 1939 imayamba kulamulira: kaboni, naitirojeni ndi okosijeni amagwira mapulotoni mmodzimmodzi, n'kutulutsa hiliyamu, kaboni uja n'kubwerera mmene analili. Njira imeneyi imathamanga koopsa kutentha kukangokwera pang'ono. Nyenyezi zoposa Dzuwa ka 1.3 zimadalira imeneyi.

Gama: A Tembo, zimene mwanenazo n'zoona, koma ndondomeko yake mwaitembenuza. Chimene chimalamula kuwala kwa nyenyezi ndi liwiro limene kutentha kumadontha nalo kuchokera m'kati kupita kunja, ndipo liwirolo limadalira kulemera. Phata limangobweza zimene zatayika. Umboni wake: Arthur Eddington anapeza ubale wa kulemera ndi kuwala mu 1924, zaka 15 Bethe asanalongosole njira zija.

Zimayenda motere. Mphamvu yokoka imakokera gasi yense pakati. Gasi wotentha amakankhira kunja. Phata likatulutsa mphamvu yoposa imene ikutayika, limafufuma, n'kuzizira pang'ono, mapulotoni n'kuchepetsa liwiro. Likatulutsa yochepa, limafinyika, n'kutentha, liwiro n'kukwera. N'chifukwa chake Dzuwa siliphulika ngakhale kuti sekondi iliyonse likusandutsa matani 600 miliyoni a haidirojeni kukhala matani 596 miliyoni a hiliyamu. Matani 4 miliyoni otsalawo ndiwo amasanduka mphamvu.

Tembo: Pamenepo sindikutsutsani achimwene. Ndingowonjezera kuti anthu amaganiza kuti phata la Dzuwa ndi ng'anjo yolusa. Pa kyubiki mita imodzi, pakatikati penipeni, limatulutsa mawati osakwana 300, mofanana ndi mulu wa manyowa ukamawola. Mphamvu yachuluka chifukwa phatalo ndi lalikulu zedi. Pulotoni mmodzi amadikira zaka mabiliyoni asanalumikizane ndi mnzake, chifukwa mapulotoni awiri amakankhana, ndipo ngakhale atagundana, mmodzi ayenera kusanduka nyutironi pa nthawi yomweyo, zimene zimachitika mwa apo ndi apo. Kuchedwa kumeneku ndiko kwapatsa Dzuwa zaka 4.6 biliyoni zimene lakhala kale.

Namaseko: Pali china chimene masamu a a Phiri abisa. Zaka 10 biliyoni zija zikuchokera pa gawo limodzi mwa magawo khumi a haidirojeni wa Dzuwa. Wotsalayo sadzafika n'komwe ku phata, chifukwa gasi wa m'kati mwa Dzuwa sasakanikirana ndi wakunja. Kwa nyenyezi zosafika 0.35 ya kulemera kwa Dzuwa zinthu n'zosiyana. Gasi wake amatakasika kuchokera pakati mpaka pamwamba, ndiye haidirojeni pafupifupi yense amapeza mpata wofika ku phata. Phatikizani ndi kuwala kochepa, mupeza moyo wa zaka mathililiyoni. Chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni, kutanthauza kuti palibe nyenyezi yotere imene yafapo ndi ukalamba.

Chitsanzo ndi Proxima Centauri, yoyandikana nafe kwambiri kupatula Dzuwa. Ili pa mtunda wa light year 4.24, ndipo light year imodzi ndi makilomita 9.46 thililiyoni, mtunda umene kuwala kumayenda m'chaka. Kulemera kwake ndi 0.12, pamwamba pake pali madigiri 3,000. Anaitulukira Robert Innes ku Johannesburg mu 1915 pofananiza zithunzi, chifukwa ndi maso simungaione. Nyenyezi zitatu mwa zinayi za mu Mlalang'amba ndi za mtundu umenewu, koma usiku wonse mukuona zimphona ndi zapakatikati basi.

Chikondi: Nanga kulemerako kumachokera kuti? Chimachititsa n'chiyani kuti ina ibadwe 0.12, ina 20?

Gama: Nyenyezi zimabadwira m'mitambo ya gasi ndi fumbi yozizira kwambiri, madigiri 260 pansi pa ziro kapena cha pomwepo. Kuzizirako n'kofunika: gasi wotentha amakankha, wozizira amagonja ku mphamvu yokoka. James Jeans anawerengera mu 1902 kulemera kumene chigawo cha mtambo chiyenera kufika kuti chiyambe kudzigwera chokha. Chigawocho chikamafinyika, malire a Jeans amatsika, ndiye chimagawikanso tizigawo. Nyenyezi zimabadwa m'magulu pa chifukwa chimenechi, zazing'ono zambiri, zazikulu zowerengeka.

Vuto loyamba ndi kuzungulira. Mtambo uliwonse umazungulira pang'onopang'ono, ndipo ukamachepa umazungulira mofulumira, mpaka gasi amalephera kugwera pakati. Amaphwatalala n'kupanga chimbale chozungulira nyenyezi yakhandayo. Gasi amayenda m'chimbalemo kulowa pakati, wina amaponyedwa kunja m'mizere iwiri, kumtunda ndi kunsi, pa makilomita mazana angapo pa sekondi. Zotsala m'chimbalemo ndizo zimapanga mapulaneti. Nthawi yokundika gasi imatenga zaka pafupifupi theka la miliyoni. Zitatha izi nyenyezi imawala kale, koma ndi kutentha kwa kufinyika basi. Yolemera ngati Dzuwa imatenga zaka 40 mpaka 50 miliyoni kuti phata lifike pa madigiri 10 miliyoni n'kukhazikika. Yolemera ka 15 imafika m'zaka pafupifupi 100,000.

Vuto lachiwiri ndi zimphona zomwezo. Zikangoyaka, kuwala kwake kumatenthetsa ndi kumwaza mtambo wotsala, anzawo asanamalize kukundika. Gawo lochepa chabe la mtambo ndilo limasanduka nyenyezi.

Namaseko: Amene akufuna kuona zimenezi ayang'ane Akamwiniatsatana madzulo, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitambo ya mvula ikapereka mpata. Kum'mwera kwa nyenyezi zitatu zondondozana zija kuli kamzere kena kakang'ono, ndipo chapakati pake pali kachifunga. Ndiyo Orion Nebula, pa light year pafupifupi 1,350. Telesikopu yaing'ono imaonetsa nyenyezi zinayi pakati pake, zotchedwa Trapezium. Yaikulu mwa izo imalemera kuposa Dzuwa koposa ka 30, ndipo ndiyo ikuwalitsa ndi kugumula mtambowo.

Phiri: Pali zina zimene zimalephereratu. Chigawo chikakundika gasi wosafika 0.075 ya Dzuwa, kapena tinene ma Jupiter 75 mpaka 80, maelekitironi amapanikizana mpaka kukana kufinyikanso phata lisanatenthe mokwanira. Chimatsala ndi brown dwarf, imene imangozizira moyo wake wonse. Zoposa ma Jupiter 13 zimalumikiza deuterium, mtundu wolemererapo wa haidirojeni, kwa kanthawi, n'kutha. Zoyamba kutsimikizika zinali Teide 1 ndi Gliese 229B, zonse mu 1995.

Nachisale: Zonsezi zikudalira kulemera. Nanga nyenyezi amaiyeza bwanji kulemera, popeza tikungoona kadontho ka kuwala?

Tembo: Njira yodalirika ndi ya nyenyezi ziwiri zozungulirana. Yezani nthawi imene zimatenga kuzungulirana kamodzi, m'zaka, muitche P. Yezani mtunda wapakati wa pakati pawo, muutche a, powerenga mtunda wa Dziko ndi Dzuwa ngati 1. Kulemera kwa ziwirizo pamodzi ndi a^3 kugawa ndi P^2. Sirius ili ndi mnzake, Sirius B. Zimazungulirana m'zaka 50.1, ndipo a ndi 19.8. Ndiye 7,762 kugawa ndi 2,510 ndi 3.09. Poona mmene iliyonse ikugwedezekera mumagawa: yowalayo 2.06, mnzakeyo 1.02.

Pamene zimasokonekera ndi pa a. Telesikopu imakupatsani ngodya chabe, ndiye muyenera kudziwa kutalika kwa nyenyeziyo kuti ngodyayo isanduke mtunda. Kutalika timakupeza poona mmene nyenyezi ikusunthira Dziko likamazungulira Dzuwa. Sirius imasuntha 0.379 ya sekondi ya ngodya (digiri imodzi ili ndi masekondi 3,600), kutanthauza light year 8.6. Mukalakwitsa kutalika ndi 10 peresenti, kulemera kumalakwika ndi 33 peresenti, chifukwa a akuchulukitsidwa katatu. Muyeneranso kudziwa mmene njira yawo yapendekera kwa ife.

Chikondi: Dikirani a Tembo. Sirius B ndi white dwarf, nyenyezi yakufa. Koma mwati ndi yopepuka kuposa inzake. Mwatiuza kuti yolemera ndiyo imayamba kufa. Zikugwirizana bwanji?

Tembo: Inabadwa yolemera pafupifupi ka 5, inatha msanga, n'kutaya magawo anayi mwa asanu a gasi wake. Chatsalacho ndi phata lokha, lalikulu ngati Dziko. Friedrich Bessel anazindikira mu 1844 kuti Sirius ikukokedwa ndi chinthu chosaoneka, ndipo Alvan Graham Clark anachiona mu 1862.

Gama: Njira imene Sirius B inadutsa ndi yomwe Dzuwa lidzadutse, kungosiyana liwiro. Hiliyamu akamachuluka pakati, phata limafinyika pang'onopang'ono n'kumatentha. Dzuwa linabadwa ndi kuwala kochepera kwa lero ndi 30 peresenti, ndipo likukwera ndi 1 peresenti pa zaka 100 miliyoni zilizonse. Zaka pafupifupi 5 biliyoni zikubwerazi haidirojeni wa pakati adzatha. Phata la hiliyamu lidzafinyika, haidirojeni adzayamba kulumikizana m'chikuto chozungulira phatalo, mofulumira kuposa kale, ndipo gasi wakunja adzafufuma mpaka Dzuwa kukula koposa ka 200. Pamwamba padzazizira kufika madigiri 3,000, kuchoka pa 5,500 a lero, n'chifukwa chake mtundu wake ndi wofiira. Imeneyo ndiyo red giant. Mercury ndi Venus zidzamezedwa.

Phata likafika madigiri 100 miliyoni, ma hiliyamu atatu amalumikizana n'kupanga kaboni. Apa pali chinthu chachilendo kwa nyenyezi zosafika kulemera 2. Phata lawo limakhala litapanikizika mpaka likuchirikizidwa ndi maelekitironi, ndipo gasi wotere safufuma akatentha. Kudziwongolera ndinanena kuja kumasowa. Kutentha kumakweza liwiro, liwiro limakweza kutentha, mpaka m'mphindi zochepa phata limatulutsa mphamvu yosaneneka. Kunja sikuoneka kanthu, chifukwa mphamvu yonseyo imathera pofufumitsa phata. Kenako pamakhala zaka 100 miliyoni za bata, hiliyamu akusanduka kaboni ndi okosijeni. Akatha, Dzuwa lilibe kulemera kokwanira kufikitsa phata pa madigiri oposa 500 miliyoni amene kaboni amafuna. Lidzafufumanso, n'kumataya gasi wakunja, n'kusiya white dwarf ya theka la kulemera kwa lero. Kyubiki sentimita imodzi ya chinthu chimenecho imalemera pafupifupi tani.

Namaseko: Za kaboni zisatidutse. Ma hiliyamu awiri amapanga beryllium imene imasweka nthawi yomweyo, ndiye wachitatu ayenera kufika isanasweke. Fred Hoyle anaona kuti kaboni sakanachuluka chonchi pokhapokha phata la atomu yake litakhala ndi mlingo wa mphamvu woyenerana ndi kugundanaku. Mu 1953 anapempha a gulu la William Fowler ku Caltech, ku America, kuti aufufuze, ndipo anaupezadi, cha pa 7.65 MeV (MeV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ta mu atomu).

Phiri: Malire ali cha pa kulemera 8. Kupitirira pamenepo nyenyezi imadutsa kaboni n'kupita patsogolo, ndipo gawo lililonse ndi lalifupi kuposa lapitalo. Kwa ya kulemera 25: haidirojeni zaka 7 miliyoni, hiliyamu zaka zoposa theka la miliyoni, kaboni zaka mazana angapo, neon chaka, okosijeni miyezi, silikoni tsiku limodzi kapena masiku owerengeka. Zifukwa ndi ziwiri. Maatomu olemera amapereka mphamvu yochepa polumikizana, komanso kuyambira pa kaboni mphamvu yambiri imatuluka ngati ma neutrino, tinthu topepuka zedi, amene amadutsa nyenyezi yonse osaikankha n'komwe.

Silikoni amathera ku ayironi, ndipo ayironi sapereka mphamvu polumikizana, amachita kuilanda. Phata la ayironi limakula likuchirikizidwa ndi maelekitironi mpaka lifike cha pa 1.4 ya kulemera kwa Dzuwa, malire amene Subrahmanyan Chandrasekhar anawerengera mu 1930 ali ndi zaka 19. Eddington anamutsutsa poyera mu 1935, koma wolondola anali mnyamatayo. Pamalirepo maelekitironi amamezedwa ndi mapulotoni n'kupanga manyutironi, chochirikiza chimachoka, ndipo phata lalikulu ngati Dziko limagwa pasanathe sekondi kufika makilomita makumi ochepa. Likalimba, gasi wogwera pamwamba pake amanjanja. Funde limenelo limaima panjira, ndipo ma neutrino ndi amene amalikankhanso. Nyenyezi imaphulika, ndipo kuphulikako ndiko supernova. Mphamvu 99 mwa 100 ya supernova imatuluka ngati ma neutrino. Kuwala konse timaona kuja n'kachigawo kakang'ono ka zotsalazo.

Chikondi: Zimenezi zinayezedwapo kapena ndi za pa kompyuta?

Namaseko: Zinayezedwa pa 23 Febuluwale 1987. Nyenyezi ya Sanduleak −69 202, yolemera pafupifupi ka 20, inaphulika mu Large Magellanic Cloud, kamtambo kaja kamaoneka kum'mwera madzulo a Disembala ndi Januwale, pa light year 168,000. Makina a pansi pa nthaka, Kamiokande ku Japan, IMB ku America ndi Baksan ku Soviet Union, anagwira ma neutrino oposa 20 m'masekondi 13, maola awiri kapena atatu kuwala kusanafike. Ma neutrino anatsogola chifukwa anatuluka nthawi yomweyo, pamene funde linatenga maola kuti lifike pamwamba pa nyenyezi. Chimene chinadabwitsa n'chakuti nyenyeziyo inali yobiriwira ngati thambo, pamene onse amayembekezera kuti zophulika ndi zimphona zofiira. Maganizo amene ambiri amatsatira ndi akuti inali itaphatikizana ndi nyenyezi inzake kalekale.

Gama: Chotsala chimadaliranso kulemera. Phata likakhala losapitirira pang'ono kulemera 2, manyutironi amaligwira, n'kukhala neutron star ya makilomita 20 kapena 25 m'mimba mwake. Imazungulira mofulumira pa chifukwa chomwe chija cha mtambo wofinyika. Jocelyn Bell anamva yoyamba mu 1967 ku Cambridge, mafunde ake a wailesi akugunda sekondi 1.33 iliyonse. Ya mu mtambo wa gasi wotchedwa Crab Nebula imazungulira ka 30 pa sekondi, ndipo ndi yotsala ya supernova imene akatswiri a ku China analemba mu 1054, imene inaoneka masana kwa masiku 23. Phata likalemera kuposa pamenepo palibe choligwira, imakhala black hole, imene ngakhale kuwala sikungatulukemo.

Nachisale: Nanga Betelgeuse? Pa Facebook pamayenda mauthenga akuti iphulika posachedwa.

Tembo: Idzaphulika ndithu, chifukwa ndi chimphona chofiira cholemera koposa ka 15, koma "posachedwa" wa akatswiri ndi mkati mwa zaka 100,000. Kuzimirira kwake kwa kumapeto kwa 2019 mpaka Febuluwale 2020 kunabwera chifukwa inataya gasi amene anazizira n'kukhala fumbi, fumbilo n'kuitchinga mbali imodzi. Pamwamba pa nyenyezi sipasonyeza gawo limene phata lafika. Ngakhale kutalika kwake kumavuta kuyeza, ena amapeza light year 550, ena 700, chifukwa nyenyeziyo ndi yaikulu pa telesikopu kuposa kusuntha kumene tikufuna kuyeza, ndipo mawanga ake owala amasinthasintha malo. Ikadzaphulika idzaoneka masana, koma ili kutali moti singatipweteke.

Phiri: Mayi Nachisale, umboni wa funso lanu loyamba uli m'magulu a nyenyezi. Za gulu limodzi zinabadwa nthawi imodzi, ndiye yang'anani yolemera kwambiri imene ikadali pa haidirojeni, moyo wa imeneyo ndiye msinkhu wa gululo. Jewel Box, pafupi ndi nyenyezi ya Mimosa, ili ndi zimphona zobiriwira ndi chimodzi chofiira pakati: zaka zosafika 20 miliyoni. Nsangwe zataya kale zimphona zotere, zatsala zobiriwira zapakatikati: zaka pafupifupi 100 miliyoni. Omega Centauri, imene imaoneka ngati kachifunga madzulo a Meyi ndi Juni, ilibe ngakhale yolemera ngati Dzuwa imene ikadali pa haidirojeni wa pakati: zaka 12 biliyoni kapena cha pomwepo.

Chikondi: Ngati kulumikizana kumathera pa ayironi, golide ndi mtovu zikuchokera kuti?

Gama: Zimapangika atomu ikamameza manyutironi, amene sakankhidwa ndi phata la atomu. Njira yofulumira imachitika m'sekondi imodzi kapena ziwiri pamalo pamene manyutironi asefukira. Tinaiona pa 17 Ogasiti 2017, ma neutron star awiri atagundana mu mlalang'amba wina wotchedwa NGC 4993, pa light year 130 miliyoni. LIGO ndi Virgo, makina oyeza mafunde a mphamvu yokoka, anamva kugundako, matelesikopu n'kuona kuwala kwa maatomu olemera atsopano, ndipo pambuyo pake strontium anazindikirika m'kuwalako. Golide, platinum ndi uranium zimachokera ku njira imeneyi.

Namaseko: Mtovu wambiri ndi barium ndi za njira yochedwa, m'zimphona zofiira za kulemera kwapakatikati zikayandikira mapeto. Kumeneko atomu imameza nyutironi mmodzi, n'kudikira zaka isanameze wina, ndipo gasi wotakasika amakweza zopangidwazo pamwamba. Paul Merrill anapeza mizere yosonyeza atomu ya technetium m'kuwala kwa nyenyezi zotere mu 1952. Technetium sakhalitsa: ngakhale mtundu wake wolimba kwambiri umatha theka m'zaka 4.2 miliyoni, pamene nyenyezizo zili ndi zaka mabiliyoni, choncho sizikanabadwa naye. R Andromedae ndi imodzi mwa zimene anayeza.